Agogo Malunga ndi Nyerere za ku Smethwick

Ndinayambitsa ndine. Ndanena poyambirira kuti amene akufuna kundikwiyira akwiyiretu pano, tisatayane nthawi. Shuga uja m'botolo ndinathira ndine, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mmene nyerere zinathamangira ndimaseka ndekha m'basi, anthu n'kumasuntha pampando.

Chaka chakwana chimwalirireni Agogo Malunga. Anti Esinati, mwana wawo, anapempha ife achinyamata a kutchalitchi kuti aliyense alembe kanthu kokawerenga pa chikumbutso, ndipo anatsindika kuti m'Chichewa, poti mwiniwakeyo ukamuyankha m'Chingelezi ankasanduka gonthi. Yamikani, mnyamata wa m'kalasi mwathu, walemba ndakatulo. Ndaiona. Muli maluwa, muli angelo, muli "tate wanga". Tate wake wa kuti? Munthuyo ndinayamba kumudziwa ndine, Yamikaniyo akadali kwawo ku Ntcheu. Choncho ine ndilemba zimene zinachitikadi.

Sanali agogo anga enieni. Ankakhala mumsewu wathu womwewo ku Smethwick, kuno ku Mangalande. Kumudzi anagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala china cha mishoni ku Ntchisi, kumene dokotala weniweni ankabwera mwa apo ndi apo, kotero kuti kuzula mano, kusoka mabala ndi kuwongola mafupa zonse zinkagwera iwo. Anthu ankawaitana a Dokotala, iwo osakana. Akazi awo atamwalira, Anti Esinati, amene ndi namwino, anawatengera kuno. Anafika ndi chijekete chachikulu, ndodo, ndi matenda amodzi amene anapita nawo kumanda: kukonda mbiri ya asing'anga akale.

Kuwapatsa moni kunali kulowa m'chipatala. Ukatambasula dzanja, iwo chikhatho ankachidumpha. Zala zinkatsetserekera pamkono pamene mtsempha umagunda, maso kudenga, kamwa ili yasa pang'ono. Kenako ankakuuza kuti sunagone bwino, kapena kuti wangonama kumene kwa amayi ako. Abusa ankawazemba pakhomo la tchalitchi. Chakudya chilichonse ankayamba achinunkhiza, ngakhale chophika mwana wawo, ati mphuno ndiye chida choyamba cha dokotala, makina ndi ana a dzulo. Uchi m'nyumba mwawo sunkakhalitsa. Aliyense wodzicheka ankamupaka, poti Aigupto ankatero, ndipo Anti Esinati anafika poubisa m'galimoto.

Loweruka lililonse tinkapita ku Cape Hill kukasaka mabuku m'masitolo a zinthu zakale, ine nditanyamula chikwama. Tikafika pakhomo pa ometa tsitsi ankaima, n'kuloza ndi ndodo kamtengo kozungulira ka mizere yofiira ndi yoyera kamene amaika pamenepo. Ankandifotokozera, mawu ali pamwamba, kuti kale m'dziko muno wometa ndevu ndi yemweyo ankazula mano, kudula miyendo ndi kutulutsa anthu magazi. Chofiiracho ndi magazi, choyeracho ndi nsalu yomangira. Tsiku lina analowa n'kufunsa wometayo ngati amasunga misundu. Munthuyo anaganiza kuti ndi dzina la mafuta a tsitsi.

Nthawi ina anawerenga za sing'anga wa ku Baghdad amene, pofuna malo omangapo chipatala, anapachika nyama m'mbali zosiyanasiyana za mzinda, n'kusankha pamene inachedwa kuola. Anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana. Madzulo ake zipinda zonse za nyumba ya Anti Esinati zinali ndi kanthuli ka ng'ombe kolendewera pa ulusi, wokwera pampando kukamanga ndine. Eniake anali pa mashifiti otsatizana, sanazindikire msanga. Atazindikira, msewu wonse unamva. Agogo anadikira kuti phokoso lithe, kenako ananena mofatsa kuti nyama ya m'kachipinda kosungira katundu ndi imene yaola pomaliza, choncho bedi lawo lisamukire kumeneko. Linasamukadi. Masiku amenewo ankanditchula kuti "Dali, mnzanga wa ntchito".

Ndipo anali ansanje. Musanamizidwe ndi ndakatulo ya Yamikani. Ankachitira nsanje anthu akufa kalekale. Amene ankawapweteka kwambiri ndi dokotala wina wa nthawi ya Aroma, amene ankang'amba nkhumba ndi anyani n'kulemba kuti m'kati mwa munthu ndi chimodzimodzi. Ankati munthu ameneyo analakwitsa zambiri, anthu anamukhulupirira mibadwomibadwo, ndipo lero ana a sukulu akuloweza dzina lake kuti akhoze mayeso. Koma agogo awo a iwo, amene nthawi ya nthomba ankatenga timafinya kwa wodwala amene akuchira n'kutemera ana abwinobwino kuti mliri uwalambalale, amene ankayamwa magazi oipa ndi kanyanga ka ng'ombe monga Agiriki ankachitira ndi makapu awo amkuwa, palibe buku limawatchula. Akafika pamenepa ankagogoda ndodo pansi, ati kusiyana kwake n'kwakuti wina anali ndi mlembi, wina analibe. Ankachitiranso nsanje zipatala za kuno. Atamva kuti magolovesi amavalidwa kamodzi n'kutayidwa, sanadye tsiku limenelo. Iwo awo ankawawiritsa mpaka atang'ambika. N'chifukwa chake kuchipatala sankapita. Miyendo itupe, chifuwa chilire, ankati sakufuna kukaona chuma chikuseweretsedwa.

Kenako kunafika Yamikani ndi amayi ake, amene anapeza ntchito yosamalira okalamba. Anamuika m'kalasi mwathu, ndipo tonse tinkaphunzira mbiri ya zamankhwala, imene kuno imabwera pa mayeso. Amayi anga, ndi chifundo chawo chosafunsa munthu, anandiuza kuti ndizimutenga popita kwa Agogo. Ndinadzinyamulira ndekha mavuto mpaka pakhomo. Mnyamatayo analowa akuwomba m'manja, ananyonyomala, tiyi analandira ndi manja awiri, n'kunena kuti zikomo wawa. Ine "wawa" wanga ndinamusiya pabwalo la ndege tsiku lobwera kuno. Agogo atatchula muwawani, iye anadziwa kuti ndi mtengo wowawa wa m'mimba. Atatchula mpungabwi, anati kwawo amapitikitsira udzudzu. Pomaliza anatsegula malaya n'kuonetsa mphini pachifuwa, zimene anamutema ali khanda. Agogo anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Kalumoko kanameta ine. Posakhalitsa chikwama cha mabuku ankanyamula ndi Yamikani. Kudzanja lamanja la Agogo ankakhala ndi Yamikani. Iye anasanduka "mwana wanga", ine ndinasanduka "iwe winawe". Ndinayesa kunyonyomala, bondo linalira, Agogo anandifunsa ngati ndataya kanthu pansi.

Tsiku la nkhaniyi linali Loweruka lotentha, lija azungu amavula malaya m'mapaki. Kuseri kwa nyumba, pamng'alu wa simenti, panali nyerere zambiri. Agogo anatiuza kuti asing'anga akale a ku India ankazindikira matenda a shuga poona nyerere zikuunjikana pamene wodwala wakodza, ndipo kuti iwonso ku Ntchisi timapepala toyezera tikatha ankachita zomwezo. Anati tiona ndi maso athu. Tiika zivindikiro zitatu pafupi ndi mng'aluwo: china cha madzi okha, china cha madzi a uchi, chachitatu cha mkodzo wa munthu wathanzi, kuti tione kuti wathanzi nyerere zilibe naye ntchito.

Ndinaimika mkono. Ndinali nditamwa kale madzi ambiri, wokonzeka kutumikira. Agogo anati ine magazi anga adzaza zakumwa za m'zitini, koma thupi la Yamikani likadali loyera, la kumudzi. Ndikuuzeni, anthu inu, nsanje ilibe manyazi. Munthu ukhoza kuchitira nsanje mkodzo wa mnzako.

Yamikani anakwera masitepe kupita kuchimbudzi ndi botolo la jamu, anabwera nalo, analiika pawindo la kukhitchini, n'kuthamangira kukathandiza Agogo kutulutsa mpando. Ine winawe ndinapatsidwa ntchito yonyamula botololo. Shuga anali pomwepo, pafupi ndi ketulo, supuni ili m'kati ngati ikundiitana. Ndinathira mosaumira, ndinatakasa bwino. Maganizo anga anali osavuta: nyerere zibwera, Agogo anena kuti mnyamatayu sanatsuke botolo la jamu, ndipo poti ankakonda kunena kuti dokotala wosasamala ndi mfiti yovala zoyera, Yamikani atsika pampando, ine ndikwera.

Nyerere zinagwira ntchito yake. Madzi zinangowadutsa. Pa uchi zinaima zingapo. Kenako imodzi inafika pa chivindikiro cha Yamikani, inalawa, inabwerera kukaitana mtundu wonse. M'kanthawi kochepa m'mphepete monse munada bii. Ndinaluma mlomo, kudikira kukalipa.

Kukalipa sikunabwere. Agogo anawerama, anayang'ana nthawi yaitali, nkhope inagwa ngati nsalu yonyowa. Anagwira mkono wa Yamikani n'kuyamba kumufunsa: ngati amamva ludzu kawirikawiri, ngati amadzuka kukataya madzi, ngati akuona kuti akuonda, ngati amatopa msanga. Apa ndi pamene ulemu wa ku Ntcheu unatipweteka tonse. Mnyamata uja sanaphunzitsidwe kunena kuti ayi kwa munthu wamkulu. Funso lililonse ankayankha kuti eya wawa.

Agogo anaimirira osagwira ndodo. Sindinawaonepo akutero.

"Vala nsapato, mwana wanga," anatero. "Uyu yekha sindimutaya."

Munthu amene anakana chipatala zaka zonse anatitsogolera kukakwera basi. Asanatuluke anaimbira amayi a Yamikani, amene tsikulo anali pa shifiti kutali ku Hanley, n'kuwauza kuti asiye chilichonse abwere. Ine anandipatsa botolo lija m'jumbo, ati ndi umboni, ndisalitaye. M'basimo ankalankhula akuyang'ana pawindo, ngati akuuza galasi. Anati ku Ntchisi kunabwera mnyamata wa msinkhu wathu womwewu, woonda, waludzu losatha. Nyerere zinanena zoona tsiku lomwelo, koma jakisoni wake panalibe, ndipo galimoto yopita ku Lilongwe inafika mwanayo atafunditsidwa kale nsalu. Dzina lake ankalikumbukabe, ndi la amayi ake.

Apa ndinafuna kuulula, sindikana. Ndinkadziwanso kuti viza ya amayi a Yamikani inamangiriridwa ku ntchito ija, ndipo kuchoka pakati pa shifiti si nkhani yamasewera. Pakamwa ndinatsegula. Koma nthawi yomweyo Agogo anavula chijekete chawo, chija sankalola munthu kuchikhudza, n'kumufunditsa Yamikani, kunja kukutentha chonchija, n'kumamusisita m'mutu. Pakamwa panga panatsekeka pokha. Ine ndinakhala kumbuyo, botolo lofunda lili pamiyendo.

Kuchipatala anamubaya chala, magazi anali bwinobwino. Anamutuma kukapereka mkodzo wina, unali bwinobwino. Agogo anaumirira kuti ayeze wa m'botolo langa. Namwino anaviika kapepala, sikanasinthe mtundu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti timapepala timeneti shuga wa mu tiyi sitimuona, timaona wa m'magazi yekha. Ndikanadziwa kale ndikanadzitcha katswiri. Namwinoyo anamvetsera nkhani ya nyerere akumwetulira, n'kuwasisita Agogo paphewa monga amachitira ndi nkhalamba zimene zaiwala dzina lawo.

Amayi a Yamikani anafika ndi yunifolomu, maso ofiira. Anamukumbatira mwana wawo, anamva kuti alibe kanthu, anamva za nyerere, ndipo misozi inauma pomwepo.

"Bambo, za kumudzi muzizisiya kumudzi," anatero pamaso pa anthu onse. "Ntchito ikandithera, ana anga ndidzawadyetsa nyerere zanuzo?"

Agogo anangopempha ndodo yawo, imene tonse tinaiiwala kunyumba.

Ntchito ya amayi a Yamikani sinathe, anangowachenjeza. Koma Agogo anatha. Mabuku onse anawalonga m'makatoni n'kukankhira kunsi kwa bedi. Anauza Anti Esinati kuti akale aja anali akhungu otsogolera akhungu, ndipo iwo ndi wakhungu womaliza pamzere. Lamulungu lotsatira ndinawapatsa dzanja, anagwira chikhatho, ngati munthu wamba. Abusa anasiya kuwazemba. A Tembo, mkulu wina wa ku Chipata amene ankakangana nawo kawirikawiri, ankauza aliyense pa tiyi kuti nyerere za ku Ulaya zilibe sukulu, zimangodya chilichonse, ndipo anthu ankaseka mpaka kugwira m'mimba.

Ine zinandiwawa pawiri. Choyamba, anthu ankaseka ntchito ya manja anga, ulemu n'kumapita kwa nyerere. Chachiwiri, maphunziro a Loweruka atatha ine ndinalibenso chifukwa chopitira kumeneko, koma Yamikani ankapitabe, kukangokhala nawo chete, kuwapangira tiyi. Ndinkamuona pawindo lathu akulowa pageti. Ndinafuna kumuchotsa pampando, ndinamupatsa nyumba yonse.

Ndiye musaganize kuti ndinaulula chifukwa cha kulapa. Ndinapita Loweruka lina masana, ndinawapeza awiriwo pabalaza, wailesi yakanema ikulankhula yokha. Sindinanyonyomale.

"Agogo, nyerere sizinaname. Shuga ndinathira ndine."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anafunsa kuti shuga wake uti, ndinati wa mu tiyi. Anafunsa kuti wochuluka bwanji, ndinati wokwanira alendo. Anafunsa chifukwa. Ndinaloza Yamikani ndi chibwano, ndinati chifukwa cha uyu ndi wawa wakeyo.

Mapewa a Agogo anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kutsokomola, mpaka Yamikani anathamangira madzi. Atapeza mpweya, mawu oyamba sanali a ine.

"Ndiye Amwenye aja ankanena zoona," anatero. "Tulutsani makatoni."

Anandikoka mkono, zala zinatsetserekera pamtsempha. Akuwerenga kugunda kwake anatiuza kuti mabuku akale ankachenjeza za anthu ngati ine. Kale dokotala ankaweruza matenda poyang'ana mkodzo m'botolo lagalasi, mtundu wake ndi fungo lake, ndipo anthu achipongwe ankamubweretsera vinyo kapena mkodzo wa ng'ombe kuti amuyese. Lamulo linali lakuti usanayang'ane botolo, yang'ana nkhope ya amene walinyamula. Iwo anayang'ana nyerere, n'kuiwala nkhope yanga. Anati cholakwa chimenecho ndi chawo, koma zotsalazo ndi zanga.

Amayi anga atamva anafuna kundilanda foni ndi khungu lomwe. Anandikokera kwa amayi a Yamikani kukagwada, ndipo ndinagwada bwino ndithu, bondo silinalire. Koma za chilango chachikulu Agogo anati aweruza okha, poti uwu si mlandu, ndi matenda. Anaitana amayi, anawakhazika pansi, n'kuwafotokozera monga ankaphunzitsira Agiriki: m'thupi muli timadzi tinayi, magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda, ndipo kamodzi kakachuluka munthu amapotoka. Ine yandichulukira ndulu yachikasu, yotentha ndi youma, mayi wa mkwiyo ndi nsanje. Chotentha ndi chouma amachiza ndi chozizira ndi chonyowa. Choncho nyengo yonse yotentha ndisalawe nyama, tchipisi kapena tsabola. Ndizidya minkhaka ndi letesi, ndizimwa madzi owiritsira balere. Amayi, amene sakhulupirira za Agiriki, anakhulupirira tsiku limenelo. Pa chikondwerero cha tchalitchi ku Longbridge, anthu akuotcha nyama utsi uli tolo, ine anandipatsa mbale ya minkhaka, a Tembo n'kumandifunsa ngati ndikufuna yowonjezera.

Koma mankhwalawo anali ndi mbali yachiwiri. Wodwala ayenera kuonedwa ndi dokotala wake tsiku ndi tsiku. Ndikaweruka kusukulu ndinkapita kwa Agogo, tinkakwera mpaka pakati pa masitepe, pamene pali kawindo kolowetsa dzuwa la masana. Iwo ankakhala pa kampando kopanda chotsamira, ine pa sitepe. Ankandiyang'ana lilime, ankatsegula zikope kuona ngati m'maso mukadali chikasu, ankagwira mtsempha nthawi yaitali, uku akundisimbira za anthu akale amene ankaboola chigaza kuti mutu upole, ena n'kuchira ndithu. Maso awo onse, manja awo onse, pa ine ndekha. Yamikani ntchito yake inali yodula minkhaka kukhitchini ndi kubweretsa thaulo.

Ndinadya minkhaka ngati mbuzi, mtima uli mbee. Akandifunsa ngati nsanje yachepa ndinkayankha kuti ikadalipo, Agogo, mwina yawonjezeka, ndipo sikunali kunama. Ankapukusa mutu, ati matenda ouma khosi, ubwerenso mawa. Nyengo yotentha inatha, nyama anandibwezera, koma kuonedwa sikunathe. Tinapitiriza mpaka masamba anayoyoka, mpaka kuzizira kunalowa, mpaka masitepe anayamba kuwakanika ndipo ankafika pakawindopo akupuma ngati athamanga. Anamwalira asananene kuti ndachira. Ndiye mwalamulo ine ndikadali wodwala wawo, ndipo wolemba ndakatulo uja anali wodula minkhaka chabe.

Sabata yatha amayi anandituma kukasiya mbale kwa Anti Esinati. Ndinapempha kupita kuchimbudzi cha kumwamba kuti ndidutse pamenepo. Kampando anakachotsa, pali choyanikira zovala chopindidwa, chotsamira khoma. Pakapeti patsala timaenje tinayi pamene miyendo yake inkaponda. Pakhoma, pamene ankatsamiritsa mutu, pali banga la mafuta a tsitsi limene Anti ayesa kupukuta koma lakana. Dzuwa linali likulowa monga kale, likugwera pa sitepe yanga. Ndinakhala pansi, ndinayang'ana uku ndi uku, ndinatulutsa lilime lonse. Linangozizira ndi mphepo ya pawindo.